TIINJINI TOPANGIDWA PAKHOMO NDI MCENGA, MAKALA NDI MOTO

Ku Britain, ku America ndi ku maiko ena kuli anthu amene akaweluka ku nchito amalowa m'kanyumba ka kuseli kukapanga tiinjini tating'ono totha kunyamulidwa m'manja. Tiinjini timeneti tili ndi pisitoni, silinda ndi gudumu monga injini zazikulu, ndipo timayenda ndi mphamvu ya nthunzi kapena ya petulo.

Luso limeneli ndi lakale ndithu. M'caka ca 1898 Bambo Percival Marshall anayambitsa magazini yochedwa Model Engineer mu mzinda wa London, ndipo kampani ya Stuart Turner ya ku Henley-on-Thames inachuka cifukwa cogulitsa zitsulo zoumbidwa kale zoti munthu akamalizile yekha kunyumba. Koma iye amene anafuna kupanga injini ya maganizo ake anayenela kuyamba wasema cifanizo ca mtengo ca ciwalo ciliconse. Nchito imeneyi inali kutenga masiku ambili, ndipo ambili anali kugwela pamenepo.

Masiku ano vutoli lacepa cifukwa ca makina ochedwa 3D printer. Makinawa anayamba kutsika mtengo pambuyo pa nchito ya RepRap, imene Dr Adrian Bowyer anaiyamba pa yunivesite ya Bath m'caka ca 2005. Mmisili amajambula ciwalo pa kompyuta, ndipo makinawo amasungunula ulusi wa pulasitiki ndi kuusanja pang'onopang'ono monga momwe mai woumba mbiya amasanjila dongo, kufikila cifanizo citakwanila.

Cifanizoco cimaikidwa m'bokosi la mbali ziwili. Mmisili amathilamo mcenga wosakaniza ndi dongo ndi madzi pang'ono, nausindila kolimba. Akatsegula bokosilo ndi kucotsa cifanizo, mumcengamo mumatsala cikombole. Atatsekanso, amathila citsulo cosungunuka kupyolela pa kaboo kamene anasiya.

Pali malamulo atatu ofunika kuwasunga. Coyamba, cifanizo cikhale cokulilapo pang'ono, popeza aluminiyamu akamazizila amafupika ndi mamilimita pafupifupi 13 pa mita imodzi. Caciwili, mbali zake zikhale zopendekeka pang'ono kuti cituluke osagumula mcenga. Cacitatu, timizele timene makina amasiya pa pulasitiki tisalazidwe bwino.

Aluminiyamu amasungunuka pa madigili 660, ndipo moto wa makala wopemeleledwa ndi mvukuto umakwanitsa kutentha kumeneku. Citsulo cakuda coumbila cimafuna madigili pafupifupi 1,200, motelo oyamba kumene amayambila pa aluminiyamu. Ziwalo zikazizila zimasemedwa pa makina ochedwa lathe kuti pisitoni ilowe bwino m'silinda. M'zaka za m'ma 1980 Bambo David Gingery a ku Missouri, ku America, analemba mabuku oonetsa m'mene munthu angapangile makina amenewa yekha, pogwilitsa nchito ng'anjo ya makala ndi zitsulo zotaidwa.

Kuno ku Zambia njila imeneyi si yacilendo. Amisili amene amaumba mapoto a aluminiyamu ogulitsidwa m'misika amagwilitsa nchito mcenga, makala ndi zitsulo zakale comwecomweco, ndipo poto wakale ndiye amakhala cifanizo cao. Cimene cimawalepheletsa kuumba zinthu zina kawilikawili ndico kusowa kwa cifanizo colongosoka. Mnyamata wodziwa kompyuta atagwilizana ndi mmisili wa mapoto, awiliwo angathe kuumba tiziwalo tina ta makina, monga zotsekela ndi timagudumu ta lamba, timene timavuta kupeza m'masitolo akumidzi.

Komabe onse ofuna kuyesa nchitoyi acenjezedwe kuti mdani wamkulu wa citsulo cosungunuka ndiye madzi. Dontho limodzi likalowa m'citsulo camoto limasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo citsuloco cimathovokela kumaso ndi kumapazi. Cifukwa cace zitsulo zoti zisungunulidwe ndi zipangizo zonse ziyambe zaumitsidwa pamoto, mcenga usanyowe kopitilila, ndipo nchito icitikile panja, pamalo ouma, kutali ndi ana. Mmisili avale nsapato zacikopa, magolovesi ndi magalasi oteteza maso.

Kawilikawili ciwalo coyamba cimatuluka ndi maenje kapena cosakwanila. Mmisili wanzelu amaciyang'anitsitsa kuti adziwe pamene panalakwika, nacibwezela m'ng'anjo, popeza aluminiyamu amasungunulidwanso. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.