Utsi wa ku Chenkumbi: Lamulo Lilipo, Nanga Lifika Liti pa Uvuni?

Wolemba Mtolankhani Wapadera

Laimu amene mumayeza m'timapepala pa msika uja, woti anthu apake nyumba Khirisimasi ikayandikira, sagwa ndi mvula ayi. Wina amachokera ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka, lomwe mpaka 1998 linali mbali ya Machinga.

Ntchito yake njowawa. Mwala wa laimu umafuna moto wofika madigiri 900 kuti upse, ndiye amausanja ndi zipika za mitengo yolimba n'kusonkhezera usana ndi usiku, utsi uli tolo. Ukapsa amauthira madzi, umabwadamuka n'kusanduka ufa. Fumbi lakelo limaotcha maso ndi khungu, likalowa m'chifuwa ndiye chikhosomo chosatha. Wosefa akamanga chitenje pamphuno, basi chitetezo chake nchomwecho.

Mavuni a njerwa ku Liwonde, Ntaja ndi Ulongwe nawonso ndi yomweyo. Utsi sudziwa malire a munda. Umalowa m'nyumba ya mayi amene sanagulepo ngakhale njerwa imodzi. A bungwe la zaumoyo la WHO akuti mpweya woipa umapha anthu pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse pa dziko lonse.

Kodi lamulo palibe? Lilipo, abale. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza zachilengedwe mu 1996, n'kubweretsa lina mu 2017 lomwe linabala bungwe la MEPA. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga zikuluzikulu.

Vuto ndi loti fakitale yaikulu ili ndi geti, chikwangwani ndi bwana woti n'kumulembera kalata. Nanga uvuni wa kuseri kwa phiri, amene lero uli apa mawa wasamuka, auyendera ndani?

Kuthamangitsa anthuwa ngati mavenda si yankho, poti ana awo amadya momwemo. Njira inaonekapo kale: cha m'ma 1990 bungwe la ku Britain la ITDG linayesa ku Chenkumbi komweko uvuni wautali wonga chumuni, wodya nkhuni zochepa ndi kupsereza mwala bwino. Koma uvuni wotere umafuna mpamba umene munthu mmodzi sangaukwanitse.

Apa mpomwe makhonsolo a Balaka ndi Machinga ayenera kulowapo: alembe maina a onse ootcha, awapatse malo kutali ndi sukulu, zipatala ndi misika, awathandize kupanga magulu oti apeze ngongole, ndipo magalasi a m'maso ndi zotchinga pamphuno zikhale lamulo.

Nanunso amalonda nkhaniyi ikukukhudzani. Laimu musamamuyale pamtetete pafupi ndi ufa, usipa kapena mandazi, ndipo poyeza muzitchinga mphuno. Chiphaso cha pa msika mumadula tsiku ndi tsiku. Khansala akadzabwera kudzapempha voti, mumufunse kuti za utsiwu akuti bwanji.