Chitowe: timachigulitsa chonse, ana osachilawa

Mvula ikalekeza kuchigwa cha Shire, m'minda ya ku Chikwawa ndi Nsanje mumaoneka mitolo yoimikidwa chilili, yotsamirana mitu. Ndi chitowe chimenecho. Mlimi wodziwa sadikira kuti chiumire pamtengo. Masamba akangoyamba kuchita chikasu ndi kuyoyoka, amachidula ndi chikwakwa, chifukwa makoko ake akauma amayasama okha, njere zonse n'kuthera pansi. Mitolo ija ikauma, amaizondotsa pamkeka n'kuimenya pang'onopang'ono ndi kandodo. Njere zimawayawaya ngati mvula yamawawa, kenako amayi amapeta ndi lichero kuchotsa zinyalala ndi mchenga.

Mbewuyi imakonda malo otentha, n'chifukwa chake imachitanso bwino ku Karonga, Salima, Balaka ndi Mangochi. Imacha pa miyezi 3 kapena 4. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, ndiye ng'amba ikagwa pakati pa dzinja, chimanga chimafota chitowe chidakali chobiriwira. Chimene sichifuna ndi nthaka yodikha madzi. Njere zake ndi zazing'ono zedi, moti alimi ambiri pofesa amazisakaniza ndi mchenga kuti zisathithikane pamodzi.

Msika wake ulipo. Maiko a China, Japan ndi Turkey amagula chitowe chochuluka chaka ndi chaka, ndipo Sudan, India, Myanmar, Nigeria, Ethiopia ndi Tanzania ali m'gulu la maiko olima kwambiri. Anansi athu a ku Mozambique nawonso amachitumiza kunja. Kuno kwathu, nthawi yokolola ikangokwana, mavenda amapachika masikelo m'mitengo m'misika yakumudzi. Mtengo wa kilogalamu nthawi zambiri umaposa wa chimanga, choncho banja limatenga thumba lonse kukagulitsa, osasiyako ngakhale kambale.

Apa ndi pomwe tikutaya. Pafupifupi theka la njere ya chitowe ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo 5 ndi zomanga thupi. Mulinso kashiamu wolimbitsa mafupa ndi ayironi wothandiza magazi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osapitirira zaka 5 m'Malawi ndi opinimbira. Alangizi azaumoyo akamaphunzitsa za magulu 6 a zakudya, gulu la mafuta ndi limodzi mwa magulu amene amasowa kawirikawiri m'makomo osauka, chifukwa botolo la mafuta ophikira ndi lodula. Chonsecho mafutawo adali m'thumba lija lapita ndi venda.

Kuchikonza sikuvuta. Mayi amaika phale pamoto wochepa, kuthiramo chitowe n'kumatakasa mosalekeza. Chikayamba kuthetheka ndi kununkhira amachiphula msanga, pakuti chikapserera chimawawa. Chikazizira amachisinja mumtondo mpaka chitanyowa ndi mafuta ake omwe. Nsinjiro zimenezi zimatendera nkhwani, chisoso, khwanya ndi mfutso mofanana ndi za mtedza. Supuni imodzi kapena ziwiri m'phala la mwana zimasintha chakudyacho kwambiri. Ena amathira kamchere n'kudyera nsima kapena mbatata. Kusinja n'kofunika, chifukwa njere zamphumphu zambiri zimangodutsa m'mimba osagayika. Chenjezo ndi lakuti pali anthu ena amene thupi lawo limadana nacho, choncho mwana amuyambitse pang'ono.

Kwina anthu amachilemekeza pakhomo pawo pomwe. Kumpoto kwa Uganda amachipera pamodzi ndi mtedza n'kupanga chiponde chotchedwa odii. Ku Lebanon ndi maiko oyandikana nawo amapanga tahini, yemwe sasowa pachakudya. Ku India amachiumba timipira totsekemera ndi shuga wa nzimbe wosayeretsa, pomwe ku Japan ndi Korea madontho ochepa a mafuta ake amakometsa mphika wonse. Nazonso njere zimene zimamwazidwa pamwamba pa mabanzi a m'masitolo a ku Blantyre ndi Lilongwe ndi chitowe chomwechi, ngakhale ogula ambiri sachizindikira.

Palibe choipa kugulitsa, poti ndalama ya chitowe imalipira fizi ndi kugula malata. Koma banja lisanapite kusikelo, liyambe lapatula ndowa imodzi ya pakhomo. Chikauma bwino n'kusungidwa m'chigubu chotseka, chimakhala miyezi yambiri. Alangizi a zaulimi ndi magulu a amayi ophunzitsana kaphikidwe achiike chitowe pamaphunziro awo, ndipo makopaletivi aganizire zogula makina ang'onoang'ono oyengera mafuta, kuti mlimi wa ku Ngabu adye zimene walima asanadyetse dziko lakutali.