Kudzutsa Land Rover Yakale Pabwalo la Pakhomo

Kuseri kwa nyumba za mishoni, m'makomo a maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndiponso m'mabwalo a maofesi akale a boma, munthu woyenda ndi maso sangalephere kuona galimoto yamakona itakhazikidwa pa njerwa, matayala ataphwa, udzu utamera m'mbali mwake, koma thupi lake likadali lathunthu monga ngati linasiyidwa dzulo. Imeneyo ndi Land Rover ya mtundu wotchedwa Series, imene inasenza odwala, ansembe, apolisi ndi alangizi a zaulimi m'misewu ya matope pamene phula linali losowa m'dziko muno. Ndipo popeza zambiri mwa izo zikutha lero ndi nkhwangwa za ogula zitsulo, amene amagulitsa malata ake kwa osungunula mapoto, kwandikomera kulongosola mmene munthu wofatsa, wokhala ndi mthunzi, zida zochepa ndi mtima wopirira, angaidzutsire pakhomo pake.

Kuti timvetse matenda ake tiyenera kudziwa kubadwa kwake. Nkhondo yachiwiri itatha, chitsulo chinali chogawidwa moyeza ku Britain, pamene aluminiyamu, amene ankapangira ndege, anali wopezeka. Chotero Maurice Wilks, mkulu wa mainjiniya pa kampani ya Rover, pamodzi ndi mbale wake Spencer, anakonza galimoto ya alimi imene mafupa ake anali achitsulo koma khungu lake linali la aluminiyamu wosakaniza ndi magineziyamu, wotchedwa Birmabright. Inaonekera poyera pa chionetsero cha ku Amsterdam mu April 1948, ndipo inkapangidwira ku Solihull. Series II inadza mu 1958, Series IIA mu 1961, ndipo Series III inayamba mu 1971 n'kulekezera mu 1985. Zimene timazipeza kuno kawirikawiri ndi ziwiri zotsirizazi, zazifupi za mainchesi 88 kapena zazitali za mainchesi 109 pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo, zokhala ndi injini ya malita 2.25 ya petulo kapena ya dizilo.

Tsono pa kusakaniza kwa zitsulo ziwirizi ndi pamene pagona msampha wa wogula. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, motero galimoto imene yagona pa mvula zaka makumi atatu imaonekabe yamoyo, ndipo munthu wosadziwa amalipira ndalama poyang'ana zitseko ndi boneti, osagwada kuti aone pansi; koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chasisi, chimene chili ngati makwerero ogonekedwa, chinapangidwa ndi mapale achitsulo owotcherera kukhala mabokosi, ndipo matope amene analowa m'mabokosimo kale lomwe amasunga chinyontho nadya chitsulo kuchokera m'kati. Wofuna kugula atenge nyundo yaing'ono, agone chagada, ndipo agogode chasisi chonse kuyambira ku mphuno kufikira ku mchira: pamene chitsulo chili chamoyo chimalira mowala, pamene chafa chimayankha mogonthera, ndipo nthawi zina nyundo imangolowa. Malo oyenera kuwakayikira koposa ndi mtanda wakumbuyo pamene pamakokedwa ngolo, timikono totuluka m'mbali timene timanyamula bodi, ndi zitsulo zogwira masipuling'i. Pambuyo pake ayang'ane khoma lolekanitsa injini ndi okwera, pakuti ilo ndi lachitsulo chenicheni, ndipo limaola popondera mapazi, m'mizati yogwira zitseko, ndi pansi pa galasi lakutsogolo.

Ndikunenetsa kuti ntchito iyambire kumeneko, ngakhale kuti mtima wa mwini galimoto umathamangira ku penti, popeza penti ndiye amaonekera kwa anansi. Ubwino wa galimoto imeneyi ndi wakuti thupi lake lonse ndi lomanga ndi mabawuti, kotero kuti amuna anayi angathe kunyamula denga, zitseko, mapiko ndi bokosi lakumbuyo n'kuziika pambali tsiku limodzi, chasisi n'kutsala pambalambanda. Koma asanamasule kanthu, mwini ajambule zithunzi zambiri ndi foni yake, makamaka za mawaya ndi mapaipi a mabuleki, ndipo mabawuti a chigawo chilichonse awaike m'chitini chawochawo cholembedwa dzina. Pakuti chimene maso akuchiona lero n'kuchiyesa chosaiwalika, pakapita miyezi isanu ndi umodzi chimasanduka mwambi. Adziwenso kuti mabawuti a galimotozi ndi a miyeso yakale ya Angerezi, ena a Whitworth, ena a UNF, ndipo sipanala ya mamilimita imawapondereza mitu n'kuwasandutsa obulungira. Masipanala oyenera amapezeka kwa amakaniko okalamba a ku Ndirande kapena ku Biwi, ndipo amene wapita kukabwereka chida kwa iwo amabwerako ndi nzeru yoposa chidacho. Bawuti louma alinyowetse ndi dizilo kapena mafuta omasulira kwa masiku angapo, ndipo likakana alitenthe, m'malo molikakamiza kufikira litaduka.

Pokonza chasisi, lamulo ndi limodzi: chovunda chidulidwe kufikira pa chitsulo chowala, ndipo chigamba chikhale cha makulidwe ofanana ndi chakale, pafupifupi mamilimita 2, cholowetsedwa m'dzenjemo ndi kuwotchereredwa mozungulira monse. Chizolowezi chophimba chigamba pamwamba pa dzimbiri n'choipa, pakuti pakati pa mapale awiriwo pamakhala madzi, ndipo kuola kumapitirira mobisika ndi mwamsanga kuposa kale. Wowotcherera asathamangitse ndodo mzere umodzi wautali, koma azidontheza apa, kenako uko, kulola chitsulo kuzizira, chifukwa moto wochuluka pamalo amodzi umapotoza chasisi, ndipo galimoto yopotoka mafupa idzayenda chammbali ndi kudya matayala masiku ake onse. Ayeze ndi chingwe kuchokera pa ngodya yakutsogolo kumanja kufikira yakumbuyo kumanzere, ndi mbali inayo chimodzimodzi, ndipo miyeso iwiriyo ifanane asanayambe ndiponso atatsiriza. Thanki ya mafuta, imene pa zambiri ili pansi pa mpando, ichotsedwe n'kuikidwa kutali moto usanayatsidwe. Thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa koposa, popeza muli mpweya wa petulo. Zonse zikatha, chasisi chitsukidwe m'kati, chipakidwe penti woletsa dzimbiri, ndipo m'mabokosi muthiridwe mafuta olemera osakaniza ndi sera, mabowo otulutsira madzi n'kuwasiya otseguka.

Khoma lachitsulo lija ndilo limayesa luso la munthu, chifukwa zitseko, galasi, chiwongolero ndi mapedulo zonse zimadalira pa ilo. Amene afuna kudula mizati yake yovunda ayambe waligwirizitsa ndi zitsulo zopingasa kuti lisaphwasuke, ndipo adule mbali imodzi yokha, inayo ikhale chitsanzo. Likabwezedwa pa chasisi, mabawuti asamangidwe kolimba kufikira zitseko zitapachikidwa ndi kuoneka kuti mpata wake ndi wofanana pamwamba ndi pansi.

Tikafika pa khungu, tafika pa ntchito imene ndimaikonda koposa zonse, ndiponso imene mapanelobita ozolowera magalimoto a masiku ano amailakwitsa kawirikawiri, poiyesa aluminiyamu ngati chitsulo wamba. Aluminiyamu ali ndi khalidwe lake: akamenyedwa amauma, ndipo akapitiriza kumenyedwa ali wouma amang'ambika. Chotero popindika pasanawongoledwe payenera kufewetsedwa ndi moto. Koma vuto ndi lakuti iye safiira monga chitsulo kuti achenjeze mmisiri, amangokhala wotuwa kufikira pa madigiri pafupifupi 650, pomwepo n'kugwa mwadzidzidzi, dzenje n'kutsala. Amisiri akale anapeza njira yapafupi, imene aliyense angaitsate: amapaka sopo wamtanda pamalopo, natenthetsa mbali yakuseri pang'onopang'ono ndi lawi loyendayenda, ndipo sopoyo akada, amadziwa kuti kutentha kwakwana, nachotsa moto. Pakazizira, lata limakhala lofewa, ndipo limawongoka ndi nyundo yamtengo, kuseri kwake kutagwiritsidwa chipika chosalala; kumenya kuyambire m'mphepete mwa chibonyo kulowera pakati, kukhale kopepuka ndi kochuluka, pakuti nkhonya imodzi yaukali imatambasula lata, ndipo lata lotambasuka limatukuka kosabwerera msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pong'ambika pabooledwe kabowo kakang'ono kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire, ndipo kuseri kuikidwe chigamba cha aluminiyamu chogwidwa ndi mariveti, amene sachititsa manyazi pa galimoto imene inatuluka ku fakitale ili ndi mariveti poyera.

Pali nthenda inanso, imene imaoneka ngati ufa woyera ndi matuza pansi pa zitseko ndi pozungulira mabawuti. Kumene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo, madzi n'kukhalapo, pamayenda mphamvu yaing'ono yamagetsi pakati pa ziwirizo, ndipo wodyedwa amakhala aluminiyamu. Zitseko zimavutika kwambiri chifukwa khungu lake linakulungidwa pa felemu lachitsulo. Mankhwala ake ndi kuzilekanitsa: felemu lipakidwe penti bwino, pakati paikidwe mphira wopyapyala kapena phala lomatira, ndipo bawuti lililonse lodutsa pa aluminiyamu likhale ndi washala wa pulasitiki ndi girizi. Pa chifukwa chomwecho, bulashi ya waya wachitsulo isakhudze khunguli, ndiponso soda woyaka uja ena amachotsera penti asayandikire n'komwe, pakuti amadya aluminiyamu weniweniyo.

Za phala limene amati fila, ndili ndi mawu olimba. Lili ndi ntchito yake, yodzaza timaenje totsala nyundo itatha, mopyapyala ngati chikhadabo. Koma kulimata mochindikala pa chibonyo chosawongola kapena pa dzenje la dzimbiri ndiko kupaka njereza pa manda, ndipo msewu wa mabampu udzaligwetsa nyengo imodzi isanathe. Ndiponso Land Rover sinabadwe yosalala: ngakhale yatsopano inali ndi timafunde m'mbali ndi zipsera za kuwotcherera, ndipo amene amaisalaza kufikira ikunga galasi amaichotsera nkhope yake. Penti sagwira pa aluminiyamu wopanda kanthu pokhapokha atayamba wapakidwa pulayimala wa asidi amene amaluma lata. Pamwamba pake, penti wa enamelo wopaka ndi bulashi yabwino, mosanjikiza kawiri kapena katatu ndi kukwecha ndi sandipepa wamadzi pakati pake, amakwanira ndipo amayenerana ndi galimotoyi. Penti wa zigawo ziwiri amene amapopera m'magalaja ali ndi poizoni wowononga mapapo, ndipo kansalu kakumphuno sikamuletsa. Tsiku lopaka lisakhale la chiperoni, pakuti chinyezi chimaphimba kuwala, ndipo lisakhalenso la mphepo ya fumbi ya mu September. M'mawa wabata, pansi patawazidwa madzi, ndiye woyenera.

Nanga za kusintha? Pano anthu amagawikana, ena nati chilichonse chikhale monga chinachokera ku Solihull, ena nati galimoto ndi yoyendera. Ine ndili pakati, koma ndimapempha kuti kusintha kuyambire pa kuima, kuthamanga kubwere pambuyo. Mabuleki a Series ndi a madiramu, kawirikawiri a mainchesi 10 pa yaifupi ndi 11 pa yaitali, ndipo mapaipi, mphira ndi masilinda ake onse asinthidwe popanda kukambirana. Fumbi la m'madiramu akale lingakhale ndi asibesitosi, choncho linyowetsedwe ndi kupukutidwa, lisauzidwe ndi pakamwa kapena ndi mpope. Kuchotsa dayinamo ndi kuika olutaneta, kuika malamba a pampando, kuika masipuling'i a masamba ochepa amene amafewetsa ulendo, ndi kuwonjezera giya ya Fairey imene imapumitsa injini pa msewu wa phula, zonsezi n'zabwino, ndipo zingabwezedwe mwakale tsiku lina. Mapaipi a mafuta asinthidwe ndithu, popeza petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanolo wa ku Dwangwa kuyambira 1982, ndipo ethanolo amaumitsa ndi kung'amba mphira wakale. Ndiponso petulo wa mtovu, amene ankateteza mipando ya mavavu, analekeka m'chigawo chino mu 2006, kotero kuti hedi ikatsegulidwa n'kwanzeru kuikamo mipando yolimba.

Kusintha injini ndiko kufuna kulingalira kawiri. Ambiri amaikamo 200Tdi, imene inayamba ndi Discovery mu 1989, ena amaikamo dizilo wa Toyota kapena Nissan chifukwa zipangizo zake zimapezeka pa msika uliwonse, ndipo sindiwadzudzula, pakuti galimoto yoyenda ndi mtima wobwereka iposa yogona ndi mtima wake. Koma giyabokosi ndi mashafuti akumbuyo anayezedwera mphamvu ya injini yakale, ndipo phazi lolemera pa injini yatsopano limawathyola; amene wawonjezera mphamvu awonjezerenso mabuleki ndi rediyeta. Asaiwalenso kuti nambala ya injini, nambala ya chasisi ndi mtundu wa penti zinalembedwa m'mabuku a boma, ndipo chilichonse chosinthidwa chiyenera kukalembetsedwa ku ofesi yoona za pamsewu galimoto isanapite kukayezedwa. Nambala yodindidwa pa chasisi, imene ili pa chitsulo chogwira sipuling'i yakutsogolo kudzanja lamanja, isadulidwe kapena kukwiriridwa ndi chigamba.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, wa masana, pa msewu wopanda anthu ambiri, ndipo mabuleki ayesedwe galimoto isanatuluke pa chipata. Pobwera, mwini agonenso chagada ndi sipanala m'manja, agwire madiramu onse anayi kuti amve ngati lina latentha kuposa anzake, ayang'ane podontha mafuta, ndipo amangenso mabawuti a masipuling'i galimoto itaima pa matayala ake, chifukwa mphira wake ukamangidwa galimoto ili pa jeke umapotoka ndi kung'ambika m'miyezi yochepa.