Golide ndi wa kumtunda, nanga poizoni adzakhala wa yani?

Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje tidazolowera kulandira za eni. Mvula ikagwa ku Neno kapena ku Mulanje, madzi ake amadzagona m'nyumba zathu ku Makhanga. Tidaziona mu 2015, tidazionanso ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Komabe madziwo akaphwa amatisiyira matope achonde, ndiye timadzalamo chimanga, mbatata, nyemba ndi mpunga. Dimba ndiye nkhokwe yathu kuno kuchigwa.

Tsono abale anzanga, tidayamba tafunsapo kuti matopewo akubwera ndi chiyani china?

Ndikufunsa chifukwa cha golide. Mtsinje wa Lisungwi, womwe anthu akhala akusefamo golide kuyambira nthawi ya atsamunda, umathira mu Shire kumtunda kwa Kapichira. Chiyambireni Reserve Bank kugula golide mu 2021, aliyense wadziwa kuti mumchenga muli ndalama. Sindikuwada okumbawo ayi, nawonso akufuna ya mchere ndi fizi ya ana. Vuto ndi mankhwala.

M'maiko ambiri okumba golide ang'onoang'ono amathira mekyule, chitsulo chamadzimadzi chija chonyezimira ngati siliva, kuti chigwire tizidutswa ta golide. Akatero amawotcha, utsi nkupita m'mapapo, zotsala nkupita mumtsinje. Mekyule saola. Akafika m'dambo, tizilombo ta m'matope timamusandutsa poizoni woopsa kwambiri yemwe amalowa mu nsomba ndi mumpunga wolimidwa m'madzi. Kuphika sikumuchotsa, ngakhale mutawiritsa tsiku lonse. Amaononga ubongo ndi mitsempha, makamaka ya mwana amene ali m'mimba.

Izitu si nthano. Ku Minamata, m'dziko la Japan, matenda odza ndi mekyule adadziwika mu 1956, anthu atadya nsomba za m'nyanja momwe fakitale ina inkatayiramo zoipa. Ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, ana oposa 400 adafa cha m'ma 2010 ndi poizoni wa mtovu, chifukwa makolo ankaperera miyala ya golide pakhomo pomwe ana amasewera ndi kudyera. Pafupi pompa, ku Manica m'dziko la Mozambique, mitsinje idafiira mpaka boma lidaimitsa migodi mu 2025. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Taganizani dambo la Elephant Marsh, komwe Shire amafika nkuyamba kuyenda pang'onopang'ono, nkutula katundu yense amene wasenza. Mlamba ndi makakana ogulitsidwa pa Bangula ndi pa Nchalo amachokera kumeneko. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira nayonso mutu wake uli pa Kapichira pomwepo.

Malawi adasaina pangano la Minamata lochepetsa mekyule mu 2013. Siginecha payokha siyeretsa madzi. A zamigodi ndi a zachilengedwe ayeze madzi, matope, nsomba ndi mpunga wa kuno chaka ndi chaka, zotsatira zake azinene pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chisena. Ogula golide azifunsa kuti wasefedwa bwanji. Okumba aphunzitsidwe njira zosafuna mankhwala, poti zilipo. Nawo aphungu athu, m'malo molimbirana maliro, akafunse zimenezi ku Nyumba ya Malamulo.

Akulu adati madzi saiwala khwawa. Chothiridwa ku Lisungwi lero, mawa tidzachipeza m'mbale ya nsima ku Nsanje.