Kabotolo ka makhololo ndi bokosi la singano

Kuno ku Ntengo-Wambalame kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi. Anthu ambiri amatsokomola. Koma chifuwa china sichitha. Munthu akatsokomola masabata awiri, nkumaonda ndi kutuluka thukuta usiku, apite kuchipatala. Mwina ndi chifuwa chachikulu, TB.

Kachilombo ka TB sikaoneka ndi maso. Anakatulukira ndi Robert Koch, dokotala wa ku Germany, mu 1882. Kamapezeka m'makhololo a wodwala. Nchifukwa chake anamwino amakupatsani kabotolo.

Kayang'aneni bwino. Ndi kapulasitiki, kakukamwa kwakukulu, ndipo chitsekerero chake nchopotokola. Dzina lanu amalilemba pambali pa kabotolo, osati pa chitsekerero. Zitsekerero zimasinthana. Dzina likasokonekera, wodwala angauzidwe kuti ali bwino, nabwerera kwawo kukapatsira ana ake.

Mukalandira kabotolo, tulukani panja pomwe pali mphepo, kutali ndi anthu. Tsukani m'kamwa ndi madzi. Kokani mpweya kwambiri katatu, kenaka tsokomolani kuchokera pansi pa chifuwa. Akufuna makhololo, malovu ayi. Lavulirani m'kati, tsekani zolimba, sambani m'manja ndi sopo. Musakaike padzuwa. Kabwezeni tsiku lomwelo.

Ena amati, botolo ndi botolo basi. Amabwera ndi kachitini kapena botolo la mafuta ophikira. Ayi ndithu. Zotsalira za m'menemo zimasokoneza poyeza. Komanso chitini chimadontha. Ulendo wopita kumene amayezako ndi wautali, misewu yathu mukuidziwa. Makhololo akatayikira m'njira, wonyamulayo ali pangozi, ndipo inu mudzayendanso ulendo wachiwiri, kusiya mbatatesi kumunda.

Akapeza TB, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Amamwa miyezi 6 osadukiza.

Pafupi ndi pobayira jakisoni pamakhala bokosi lakatoni yolimba, nthawi zambiri lachikasu. Pamwamba pake pali kabowo. Anamwino akabaya munthu, amaponya singano m'kabowomo nthawi yomweyo. Singano imodzi, munthu mmodzi. Singano yogwira kale ntchito ingapatsire HIV kapena matenda a chiwindi. Bokosilo salidzaza mpaka pakamwa. Likatsala pang'ono amalitseka, nakaliotcha kuseri kwa chipatala, ndipo phulusa lake amalikwirira m'dzenje.

Ana amakonda kutola majakisoni akale kuti azithirana madzi. Aletseni, ndipo asamasewere kudzenjeko. Mukaona singano m'njira, musaigwire ndi manja. Kauzeni a kuchipatala.

Kabotolo kaja nako kamaotchedwa akatha kuyeza. Nkokongola, inde, ndipo agogo angakasirire kuti azisungiramo fodya wa m'mphuno kapena mchere. Musawapemphere. Anamwino adzakana.