Za Kusankha Oyilo wa Injini ya Galimoto Yaing'ono Kuno ku Mapiri a Dedza

Masiku ano m'misewu ya kuno kwathu mwachuluka magalimoto ang'onoang'ono oyendera petulo, aja amene chitseko chao chakumbuyo chitsekukira m'mwamba: Toyota Vitz ndi Passo, Nissan March ndi Note, Honda Fit, Mazda Demio ndi Daihatsu Mira. Ambiri mwa iwo adayamba agwira ntchito ku Japan, ndipo adafika kuno atawoloka nyanja pa sitima, nalowa m'dziko muno kudzera ku doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Banja limene lagula galimoto yotere lidasunga ndalama zaka zambiri, kapena lidagulitsa mbatata ya kachewere ya nyengo zingapo, kapenanso lidakongola. Galimotoyo ndiyo inyamula wodwala usiku kumka naye kuchipatala, ndiyo ifikitsa matumba ku msika wa Bembeke, ndipo kwa ena ndiyo munda wao weniweni, pakuti anyamula nayo anthu kuti apeze chakudya cha ana. Injini ikafa, banja lonse lilira. Tsono pakati pa zinthu zimene zipha injini msanga, chachikulu ndi oyilo wosayenera, ndi oyilo wokhalitsa osasinthidwa. Chifukwa chake mwezi uno tafuna kucheza nanu za nkhani imeneyi.

Ntchito ya oyilo

M'kati mwa injini muli zitsulo zambiri zoyenda mothamanga, zina zokwera ndi kutsika, zina zozungulira kokwana zikwi ziwiri kapena zitatu pa mphindi imodzi. Zitsulozi zikadakhudzana zokhazokha, bwenzi zitatentha ndi kumatirirana pa kanthawi kochepa. Oyilo alowa pakati pao nakhala ngati kachikopa kopyapyala kozilekanitsa. Koma ntchito yake siithera pomwepo ai. Iye achotsa kutentha ku mapisitoni, atsuka mwaye ndi tizidutswa ta chitsulo nazitengera ku fyuluta, atseka timipata ta pakati pa pisitoni ndi khoma lake kuti mphamvu isathawe, ndiponso aletsa dzimbiri. M'injini zambiri za magalimoto amene tatchulawa muli ntchito inanso: nthawi yotsegukira ndi kutsekera mavavu isinthidwa ndi mphamvu ya oyilo yemweyo, amene adutsa m'timabowo tating'ono kwambiri. Pa injini za Toyota zotere mupeza malembo akuti VVT-i. Timabowo timeneti tikatsekeka ndi litsiro, galimoto ifooka nimwa petulo wambiri.

Manambala a pa chigubu

Pa chigubu chilichonse cha oyilo palembedwa manambala onga awa: 0W-20, 5W-30, 10W-40, 20W-50. Muyeso umenewu udakhazikitsidwa ndi bungwe la akatswiri a magalimoto la ku America lotchedwa SAE, limene lidayamba kugawa oyilo m'magulu m'chaka cha 1911. Manambalawo sanena kuti oyilo uyu aposa uyo ubwino ai. Angonena kulemera kwake, ndiko kuti ngati ayenda ngati madzi kapena ananda ngati uchi.

Tonse tidziwa kuti uchi wa m'botolo uchedwa kutsika m'mawa wa mwezi wa Juni, koma ukakhala padzuwa uyenderera msanga. Oyilo achita chimodzimodzi. Nambala yoyamba, ija ili ndi W, inena za mayendedwe ake pozizira, pakuti W aimira dzina la Chingerezi la nyengo yachisanu. Ikachepa nambalayo, ndiye kuti oyiloyo afulumira kufika ponseponse injini ikangolizidwa. Nambala yachiwiri inena za kulemera kwake injini itatentha, ndipo ayesa pa madigiri 100, ndiko kutentha kwa madzi owira. Motero 5W-30 ndi 10W-30 alingana injini ikatentha, koma m'mawa 5W-30 ndiye ayamba kufika kumutu kwa injini. Ndipo 20W-50 ndi wolemera ponse pawiri, m'mawa ndi masana omwe.

Nyengo ya kwathu kuno

Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri lake ifika pafupi ndi mamita 2,200. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, usiku kuzizira kutsika pansi pa madigiri 10, ndipo m'mawa mwake nkhungu ikuta Bembeke ndi Chongoni. Kuzizira kotere sikungaumitse oyilo ngati ku maiko a chipale, koma kukwanira kumchedwetsa. Usiku wonse oyilo atsikira pansi pa injini, ndipo pa kamphindi koyamba kaja, asanakwere, zitsulo zakumwamba ziyenda ndi kochepa kokha kamene kadatsalirapo dzulo. Kuperepeseka kwambiri kwa injini kuchitika pa nthawi imeneyi. Mukamva kaphokoso kakuti tcheketcheke m'mawa, kamene kaleka pakapita kanthawi, kawirikawiri ndi oyilo amene wachedwa kufika.

Koma galimoto yomweyo imene yadzuka m'chisanu itha kutsika Khwekhwerere kumka ku Golomoti, ku Mua kapena ku Mtakataka, kumene m'mwezi wa Okutobala dzuwa liswa mtengo. Ndipo madzulo ikwera phiri lomwelo pa giya yaing'ono, itanyamula anthu asanu ndi thumba la mpunga. Ndiye kuti oyilo wathu ayenera kukhala wofulumira m'mawa, koma wosasungunuka ngati madzi pa chitunda. Imeneyi ndiyo ntchito imene oyilo wa manambala awiri adapangidwira.

Kodi wolemera ndiye wamphamvu?

Ambiri a ife tidamva kwa akuluakulu kuti dziko lathu ndi lotentha, choncho lifuna oyilo wolemera, 20W-50 kapena SAE 40 wa nambala imodzi. Mau amenewa adali oona pa nthawi yake, pa Land Rover zakale, pa Peugeot 404 ndi pa Datsun, zimene mipata ya pakati pa zitsulo zake idali yotakasuka. Injini za masiku ano zidasulidwa mothina, ndipo mabuku a opanga Vitz, Passo ndi Fit alamula oyilo wopepuka, makamaka 0W-20 kapena 5W-30. Kumbukiraninso kuti injini yabwino siitengera kutentha kwa kunja: ili ndi kachitseko ka madzi, kamene amakaniko akatcha thermostat, kosunga kutentha kwake pa muyeso umodzi, kaya muli ku Dedza kaya ku Salima. Mukathira oyilo wolemera kopitirira, pampu ivutika kumkankha m'timabowo tija, tcheni cha m'injini chichedwa kukungika, ndipo petulo atha msanga.

Pali amakaniko ena amene achotsa thermostat ija, ati kuti injini isawire. Kuno kumapiri kutero ndi kulakwira injini, pakuti ikhala yozizira ulendo wonse, ndipo nthunzi ya madzi ndi petulo wosapsa zitsikira mu oyilo osauma. Tipempha kuti mukane zimenezi, ndi kufunafuna chenicheni chimene chiwiritsa injiniyo.

Uphungu wathu tsono ndi uwu. Choyamba, onani chimene adalamula wopanga galimoto. Ngakhale buku la galimoto yochokera ku Japan lilembedwa m'Chijapani, manambala a oyilo alembedwa monga tiwadziwira tonse, ndipo muwapeza m'masamba a kumapeto. Pa magalimoto ena alembedwa pa chivundikiro chothirirapo. Chachiwiri, ngati buku palibe ndipo injini ili bwino, 5W-30 ayenera magalimoto ambiri a mtundu uwu pa nyengo yathu. Chachitatu, injini ikakalamba, itayenda makilomita ochuluka, niyamba kumwa oyilo kapena kufuka utsi wobiriwira, mungakwere sitepe imodzi yokha, kufika pa 5W-40 kapena 10W-40, mutafunsana ndi makaniko wodziwa ntchito yake. Koma dziwani kuti oyilo wolemera angobisa nthenda, saichiza ai. Zitsulo zotha zifuna kusinthidwa.

Malembo a pa chigubu

Kupatula manambala, yang'ananinso malembo akuti API, ndilo bungwe la za mafuta la ku America limene liyesa ubwino wa oyilo. Pambuyo pake pabwera malembo awiri. Loyamba likakhala S, oyiloyo ndi wa injini za petulo. Likakhala C, ndi wa dizilo. Lachiwiri likamka patsogolo mu alifabeti, ndiye kuti muyeso wake ndi watsopano: SL adatuluka mu 2001, SM mu 2004, SN mu 2010, ndipo SP mu 2020. Watsopano atha kulowa m'malo mwa wakale, koma wakale asalowe m'malo mwa watsopano. Pa galimoto yopangidwa chaka cha 2005 kapena pambuyo pake, funani SM, SN kapena woposa pamenepo. Chigubu cholembedwa SF kapena SG chisiyeni pa shelefu.

Oyilo alipo wa mitundu itatu: woyengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi, wokonzedwa mwaukatswiri m'fakitale amene pa chigubu alemba kuti synthetic, ndi wosakaniza ziwirizi. Wa synthetic ndi wokwera mtengo, koma apirira kutentha ndipo sasiya litsiro lambiri. Thumba likapanda kulola, wosakaniza wa manambala oyenera, wosinthidwa pa nthawi yake, aposa wodula amene wakhalitsa m'injini.

Musasokoneze mitundu. Oyilo wa chigayo, wa lole ndi wa minibasi ya dizilo si wa Vitz. Oyilo wa njinga zamoto za kabaza adapangidwira njingazo, pakuti m'menemo injini ndi kilatchi zisambira m'mphika umodzi. Ndipo giyabokosi ya magalimoto ambiri otere, ija itchedwa CVT, ili ndi oyilo wakewake, amene salowana ndi wa injini ngakhale pang'ono. Safunsa adadya phula, funsani musanathire.

Pogula

M'misika ndi m'mbali mwa misewu muli oyilo wogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa, wopanda dzina ndi wopanda nambala. Wina mwa iye ndi wakale amene adangomsefa. Wina ndi wotsika amene amthira m'chigubu cha dzina lotchuka. Maso sangathe kusiyanitsa. Chifukwa chake gulani pa malo omwetsera mafuta kapena m'sitolo yodziwika, onani kuti chivundikiro sichidatsegulidwepo, ndipo landirani lisiti. Mukapita ku galaja, imani pomwepo muone chigubu chikutsegulidwa pamaso panu; makaniko wokhulupirika sakwiya nazo. Injini zazing'onozi zilowa malita 3 kapena 4 basi, Mira osafika ndi pa 3 pomwe, kotero kuti ndalama imene mupulumutsa pogula wachinyengo ndi yochepa ndithu poyerekeza ndi mtengo wa injini ina.

Nthawi yosintha

Ku Japan, pa misewu yosalala, Toyota alola makilomita 15,000 kapena chaka chimodzi pa magalimoto otere. Koma alamula kudula pakati muyesowo, kufika pa makilomita 7,500 kapena miyezi 6, galimoto ikamayenda m'fumbi, m'mapiri, kapena maulendo afupiafupi. Ndani mwa ife amene sayenda m'zitatu zonsezi? Msewu wa M1 ndi wa tara, koma njira zambiri zolowa m'midzi ndi zafumbi m'chilimwe ndi zamatope m'dzinja. Ndiponso petulo wa m'dziko muno amsakaniza ndi ethanol wa nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idatsegulidwa, ndipo ethanol akoka chinyontho. Galimoto yongoyenda kuchokera kunyumba kufika pa msika wa pa Boma siitentha mokwanira kuti chinyonthocho chiume. Motero amakaniko athu salakwa ponena kuti makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Fyuluta ya oyilo isinthidwe nthawi yomweyo, ndipo ya mpweya ikunthidwe kapena isinthidwe, chifukwa fumbi lolowa m'injini lipala zitsulo ngati mchenga. Galimoto ikangofika kuchokera kudoko, sinthani oyilo musanayambe kuyenda nayo, pakuti simudziwa kuti wa m'katimo adathiridwa liti. Sungani kabuku m'galimoto, mulembemo tsiku, makilomita ndi mtundu wa oyilo. Walira mvula walira matope: wogula galimoto avomere ndi ndalama ya sevisi yomwe.

Kuyeza sabata ndi sabata

Iyi ndi ntchito ya aliyense m'banja amene ayendetsa, bambo kapena mai. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, makamaka m'mawa musanailize. Solorani kachitsulo koyezera, mukapukute ndi kansalu koyera, mukabwezere mpaka pansi, nimukasololenso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwirizo. Akachepa, onjezani pang'onopang'ono wa mtundu womwewo. Musapitirire chizindikiro chapamwamba, pakuti wochulukitsa achita thovu, ndipo thovu silitchinjiriza chitsulo. Kuda kokha sikuopsa, chifukwa ndiko kusonyeza kuti oyilo akutsuka. Koma akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, ndipo thamangirani kwa makaniko. Nyali yofiira ya chithunzi cha kaketulo ikayaka muli pa ulendo, patukani ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo, ngakhale kwanu kuli pafupi. Ambiri adataya injini ponena kuti tingofika.

Oyilo wotha ntchito

Potsiriza, oyilo wakuda wochotsedwa m'injini ndi poizoni. Musamtaye m'ngalande, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime, pakuti madzi a m'mapiri muno atsikira mu Linthipe ndi m'mitsinje ina, ndipo anzathu akumunsi amwa omwewo mpaka kunyanja. Musapake pa zilonda za ng'ombe kapena za galu, ndipo musamsunge m'botolo la chakumwa pamene ana angafikire. Mtsekereni m'chigubu chake chakale, nimumsiye ku galaja kumene amsonkhanitsa.

Awa ndi mau athu a mwezi uno. Nambala yoyenera, chigubu chotseka, ndi nthawi yosaphonya: mukasunga zitatu izi, galimoto imene mudaivutikira idzakutumikirani zaka zambiri. Amene mwawerenga, fotokozerani anzanu amene sadaone tsamba lino.