Kayaki Padenga la Galimoto: Kuchoka ku Chibavi Kutsikira ku Nkhata Bay

Mzuzu ulibe nyanja, koma nyanja siili patali. Wochokera ku Chibavi akalowa mumsewu wa M5 amayenda makilomita osakwana 50 kuti afike ku Nkhata Bay. Mtundawo ndi waufupi, koma kutsetsereka kwake n'kwakukulu: mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe madzi a Nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 474. Ndiye kuti galimoto imatsika mamita oyandikira 800 m'ola limodzi, ikukhotakhota m'mapiri. Amene wasenzetsa galimoto yake bwato lophera nsomba padenga ayenera kuuganizira kwambiri msewu umenewu, chifukwa ngozi yaikulu ya tsikulo ikhoza kumupeza asanaone n'komwe madzi.

Bwato lomwe tikunena pano si lija losema ku mtengo limene asodzi a Chitonga amapalasa usiku pofuna usipa. Limenelo likanyowa limafuna amuna angapo kuti alikokere kumtunda, ndipo malo ake ndi palole kapena m'sitima ya Ilala, osati padenga la galimoto yaing'ono. Tikunena za kayaki, kabwato kowonda komwe anayambitsa ndi anthu a mtundu wa Inuit ndi Aleut kumadera ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi, amene ankakuta mafelemu a mitengo kapena mafupa ndi zikopa za nyama zam'madzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 makayaki ambiri amaumbidwa ndi pulasitiki. Ku Malawi anafika kudzera mu zokopa alendo: malo ogona alendo ku Nkhata Bay amawabwereketsa, ndipo ku Cape Maclear kampani ya Kayak Africa yakhala ikutengera alendo kuzilumba za Mumbo ndi Domwe. Anthu a m'tauni okhala ndi kayaki yawoyawo akadali ochepa, koma kwa munthu wokonda kuwedza ncheni kapena kampango Loweruka, kabwatoka n'kokopa: sikafuna injini, sikafuna petulo.

Vuto lake ndi kulemera. Kayaki yongosewerera imalemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo pang'ono. Yophera nsomba amaipanga yotakata kuti msodzi asagubuduke pokoka nsomba, ndipo ili ndi mpando, mabowo oikamo ndodo za mbedza ndi zipinda zosungiramo zida. Makayaki ambiri otere amalemera pakati pa makilogalamu 30 ndi 45. Ina yotchuka ya ku America, Hobie Pro Angler 14, ndi yotalika mamita oposa 4, ndipo ikakhala ndi mpando komanso zopalasira za kumapazi imafika pa makilogalamu 65. Kumeneko n'kuposa thumba la chimanga, koma thumba lake lotalika ngati galimoto yomwe, loterera, lopanda pogwira pabwino.

Denga la galimoto lili ndi malire ake. Opanga magalimoto amalemba kulemera komwe denga lingasenze galimoto ikuyenda, ndipo pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri malirewo ali pakati pa makilogalamu 50 ndi 75. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kaliyala nayo imawerengedwa momwemo. Apa m'pamene pali msampha wa ku Mzuzu. Ma Sienta, Probox, Passo ndi Vitz odzaza m'misewu ya mzindawu ambiri anagulidwa atagwirapo kale ntchito ku Japan, n'kulowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Kabuku ka malangizo, ngati kalipo, kali m'Chijapanizi. Mwini galimoto amangoyang'ana denga n'kunena kuti ndi chitsulo, chipirira. Koma nambalayo imapezeka pa intaneti munthu akalemba dzina la galimoto ndi chaka chake, ndipo kuifufuza sikutenga nthawi yoposa yomwera tiyi.

Owotcherera zitsulo ku Chibavi, Chiputula ndi Mchengautuwa ndi aluso. Amapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi makaliyala olimba kwabasi, ndipo n'zomveka kuti munthu apite kwa iwo m'malo moitanitsa kaliyala yodula kuchokera ku South Africa. Koma kulimba kwa chitsulo sikutanthauza kuti denga lalimba. Ngati kaliyala yowotcherera ikulemera makilogalamu 20 padenga lololedwa 50, ndiye kuti kwatsala 30 okha, ndipo kayaki yophera nsomba yadutsa kale malire isanamangidwe n'komwe. Chinanso ndi pogwirira pake. Ma Land Cruiser akale ndi ma minibasi a HiAce ali ndi kangalande m'mbali mwa denga momwe miyendo ya kaliyala imaluma bwino. Magalimoto ang'onoang'ono amakono alibe. Kaliyala yawo imafunika kugwira pamalo omwe opanga galimoto anasiyira dala mabawuti, kapena kukhala ndi zoluma zopindidwa molingana ndi m'mphepete mwa chitseko. Kuboola denga paliponse n'kumangapo bawuti kumalowetsa madzi ndi dzimbiri, ndipo mu mzinda wa mvula ngati Mzuzu dzimbiri silichedwa. Mmisiri wabwino auzidwe zinthu ziwiri: agwiritse mapaipi opepuka, ndipo mipiringidzo iwiri yopingasa italikirane momwe denga lingalolere, isachepere masentimita 60.

Kukweza kumafuna anthu awiri. Mpando, batire, nangula, nkhafi ndi bokosi la nsomba zichotsedwe kaye, zilowe m'galimoto. Ngati munthu ali yekha, asayese kunyamula kayaki yonse pamwamba pa mutu, chifukwa misana yambiri imapwetekera pomwepo. Ayale kapeti kapena bulangete lakale kumbuyo kwa denga, atsamiritse mphuno ya kayaki pamenepo, kenako apite kumchira, anyamule n'kukankha mpaka itakwera. Motero amasenza theka la kulemera nthawi imodzi. Pa mipiringidzo yowongoka, makayaki ambiri amakhala bwino atavundikiridwa, chifukwa milomo yake ndi yolimba kuposa mimba. Mipiringidzoyo ikulungidwe ndi siponji kapena kapeti.

Pomanga m'pamene chizolowezi chimasocheretsa. Akabaza ndi ogulitsa makala amamangira katundu ndi mphira zodula ku machubu akale, ndipo panjinga zimagwira ntchito bwino. Padenga la galimoto n'zoopsa. Mphira imatamuka, ndipo kutamukako n'kumene kumapatsa kayaki mpata wodzuka mphepo ikalowa pansi pake. Mphira yomwe yakhalitsa padzuwa imadukanso mosachenjeza. Chofunika ndi malamba awiri ansalu yolimba, lililonse lodutsa pamwamba pa kayaki n'kuzungulira mpiringidzo mbali zonse ziwiri, chamkati mwa miyendo ya kaliyala kuti lisapulumukire kunsonga. Malamba okhala ndi chokhwimitsira, aja amamangira katundu pamathiraki, ali ndi mphamvu yopitirira muyeso. Munthu akakhwimitsa kwambiri, makamaka m'kutentha kwa Okutobala kunyanja, pulasitiki imafewa n'kuphwatalala, ndipo kayaki yopindika mimba siyendanso mowongoka pamadzi.

Malamba awiriwo si okwanira. Pafunikanso chingwe chochokera kumphuno kupita ku ngowe yokokera galimoto kutsogolo, ndi china chochokera kumchira kupita ku ngowe ya kumbuyo. Zingwezi ndizo zimapulumutsa anthu ngati kaliyala yeniyeniyo yazuka, pakuti malamba aja amamangirira kayaki ku kaliyala, osati ku galimoto. Zisamangidwe ku bampala ya pulasitiki, ndipo nsonga zotsala zipindidwe bwino kuti zisakodwe m'tayala. Akamaliza, munthu agwire mchira wa kayaki n'kugwedeza: galimoto yonse iyenera kugwedezeka nayo limodzi.

Misewu yafumbi ya m'kati mwa Chibavi, ndi zigwembe zomwe mvula imasiya, ndiyo mayeso oyamba. Katundu amakhazikika, malamba amakhwefuka. Choncho ndi nzeru kuima pofika pa tala, n'kukokanso lamba lililonse, kenako kuimanso pa Mpamba.

Msewu wa ku Nkhata Bay unakonzedwanso ndi ndalama za African Development Bank, ndipo tsopano ndi wotakata komanso wosalala. Ubwino umenewo umakopa dalaivala kuti aponde moto. Koma mphamvu ya mphepo pa katundu sikula mofanana ndi liwiro: wochoka pa makilomita 40 pa ola kufika pa 80 wachulukitsa mphamvuyo kanayi. Kulemera komwe kwakwera padenga kumapendeketsanso galimoto pamakona kuposa momwe dalaivala anazolowera. Ndipo akaponda mabuleki mwadzidzidzi pamtsetse, kayaki imafuna kupitirira ulendo yokha. M'mbali mwa msewuwu mumayenda ana asukulu, amayi osenza nthochi ndi chinangwa, anyamata a kabaza. Iwowa sanasankhe kupita kukawedza, koma ndi amene angalandire pulasitiki ya makilogalamu 40 ikauluka. Giya yotsika, liwiro lochepa ndi mpata waukulu pakati pa galimoto ndi yomwe ili kutsogolo ndizo zofunika, makamaka m'mawa wa miyezi yozizira pamene chifunga ndi mvula yowaza zimakuta mapiri a kum'mawa kwa Mzuzu. Wofuna kutsikira ku Chiweta pamsewu wa M1, kapena ku Usisya komwe njira yake ndi yoipa komanso yotsetsereka koopsa, achenjere koposa apa.

Apolisi a pamsewu ali ndi mphamvu, pansi pa lamulo la Road Traffic Act la 1997, yoimitsa galimoto yomwe katundu wake akuoneka kuti angavulaze anthu. Katundu wotulukira kumbuyo amamangiriridwa nsalu yofiira kunsonga. Ku South Africa, kwawo kwa makayaki a kampani ya Stealth ya ku Durban, nsaluyo imafunika katundu akatulukira masentimita oposa 30, ndipo saloledwa kupitirira mamita 1.8. Wokayika za muyeso wa kuno afunse ku ofesi ya Road Traffic ya ku Mzuzu asananyamuke. Ulendo wausiku ndi bwino kungousiya, chifukwa wobwera kumbuyo saona mchira wotulukirawo.

Pobwerera kayaki imakhala yolemera kuposa popita. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo tsiku lomwe mwera wautsa mafunde, malita angapo amalowa m'mimba mwake osaoneka. Madziwo akasiyidwa amathamangira kutsogolo ndi kumbuyo pa buleki iliyonse. Kachitseko kotulutsira madzi katsegulidwe, mchenga utsukidwe, nsomba zikhale pansi m'galimoto. Ngati kayakiyo imapitanso kumadzi ena, monga ku Shire komwe namasupuni wavutitsa kwa zaka zambiri, itsukidwe ndi kuumitsidwa isanalowe m'nyanja, chifukwa kachidutswa ka chomeracho kakhoza kumeranso.

Ena akawerengera zonsezi amapeza kuti denga la galimoto yawo silingathe. Kwa iwo njira zilipo ziwiri: kuwotcheretsa kangolo kokoka kumbuyo, komwe nakonso kamafuna nambala ndi magetsi ake, kapena kugwirizana ndi mwini malo wina m'mphepete mwa nyanja kuti kayakiyo izisungidwa komweko, iwo azingotsika ndi ndodo ndi nkhafi pa Sienta ya matola.